A Lufina, Mkamwini Wawo ndi Timu ya Kachewere

Ine ndimamata machubu a njinga pa Lizulu, pansi pa mtengo wa bulugamu woyang'anana ndi pogulitsira mbatata. Ntchito yanga ndi yokhala pansi, choncho ndimaona zambiri. Mwa anthu onse amene akhala akudutsa pamaso panga, ndasankha kulemba za a Lufina.

A Lufina amagulitsa mbatata ya kachewere. Anadwala poliyo ali aang'ono, miyendo sinakule bwino, ndipo mphamvu zonse zinathawira m'manja ndi m'mapewa. Ndowa yodzaza amaikweza pawindo la minibasi ndi dzanja limodzi. Kwawo ndi kuseri kwa phiri, amabwera pa njinga yopalasa ndi manja. Chitunda chimene anyamata a kabaza amatsika n'kumakankha, iwo ankachikwera akuimba nyimbo za Mvano, ndipo wofuna kuwakankha ankamumenya padzanja. Amuna awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, Tisunge.

Chimene chinkawatopetsa sichinali chitunda. Anandiuza okha tsiku lina ndikuwapopera tayala.

"A Eliya, inu munayamba mwagundidwapo ndi munthu?"

"Kambirimbiri."

"Ine ayi, chibadwire. Ndikamabwera anthu amapatuka ngati kukubwera maliro. Ngakhale ndimukalipire munthu popanda chifukwa, amangoti pepani mayi. Ndimafuna wina adzandigunde tsiku lina, nanenso ndimubwezere."

Ndinaseka. Ndinkayesa ndi nthabwala.

Mpira unabwera m'belo la kaunjika. Wogulitsa nsapato anaupeza pansi penipeni pa belo, wooneka ngati dzira la chimbalame. Anyamata anaumenya ndi phazi, ukanjanja pansi umalowera kumene ukufuna wokha. Ulendo wina unadumpha msewu, ndipo pa Lizulu ukadumpha msewu wafika ku Mozambique. Anthu anati mpirawo ndi wopenga, wawoloka malire opanda chiphaso. A Lufina anausinthanitsa ndi kambale ka mbatata.

"Uwu suyenda ngati anzake," anatero akuuzunguliza m'manja. "Ndi wathu uwu."

Tisunge ndi amene anafufuza pafoni n'kupeza kuti masewera ake amatchedwa ragibi. Pakati pa makanemawo panali ina ya anthu okhala pa zikuku, akuthamangitsana m'chinyumba chachikulu, zikuku zikuombana mpaka zina kugudubuzika. A Lufina anaigwira foniyo ndi manja awiri. Galimoto inaima, munthu anafunsa mbatata kawiri katatu, iwo osamva. Aka kanali koyamba kuwaona akuphonya wogula.

Mlungu womwewo anayamba kuzungulira. Anapita kwa a Maynard owotcherera zitsulo, amene mwendo wawo unatsala pansi pa lole zaka zapitazo. Anapita kwa Janeti, telala wa pakhonde la golosale, amene amapalasa makina ake ndi dzanja. Anakatenga Cedric wokonza mafoni ndi Allan wosoka nsapato. Onsewa ndinkawadziwa, chifukwa matayala awo onse amadutsa m'manja mwanga, koma ndinali ndisanawaonepo atakhala pamodzi.

A Maynard anapanga zikuku ndi mipope yakale ya madzi ndi matayala a njinga, opendekera kunja ngati miyendo ya munthu wonyamula thumba. Zoyambazo zonse zinkakokera kumanzere. Ukapalasa mwamphamvu umabwerera pamene wachokera. A Maynard anati vuto ndi manja a anthu, koma Lolemba lake ndinawaona akuzidulanso mwakachetechete. Bwalo linapezeka ku shedi ya kalabu ya alimi, yokhala ndi simenti yosalala, imene Lamulungu masana imangokhala. Ine palibe anandipempha. Ndinangopezeka ndili pakona ndi pampu yanga, ndipo mpaka lero ndimakhala pomwepo.

Masewerawo amayenda chonchi. Mbali iliyonse kumakhala anthu asanu. Mpira suponyedwa kutsogolo, umapita kwa mnzako amene ali pambali kapena kumbuyo kwako. Aliyense amavala kansalu paphewa lililonse, ndipo mdani akakuzula kansaluko ndiye kuti wakugwira, uyenera kuima. Chigoli ndi kukagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, kenako mmodzi amaumenya ndi chibakera kuti udutse pamwamba pa mtanda wa golo, chikhale chowonjezera. Tinsaluto anasoka Janeti ndi zidutswa za chitenje, n'kumatira ndi timalamba tomata tija ta nsapato za ana. Kuombanitsa zikuku n'kololedwa. Pamenepa m'pamene panali mtima wa a Lufina.

Tsiku loyamba Janeti anabwera ndi liwiro, osadziwa poimira, n'kuwaomba a Lufina m'mbali. Chikuku chinatembenuzika. Tonse tinathamanga kukawadzutsa. Tinawapeza ali chagada pa simenti, mpango uli uko, akuseka mpaka misozi.

"Musandigwire! Janeti iwe, bwerera uko, ubwerenso!"

Timuyo anaitcha Kachewere. Masewera oyamba anasewera ndi timu ya mumzinda imene inamva mbiri yawo. Anagonja moti khala lolembera zigoli pakhoma linatha masewera asanathe. A Lufina anawaphikira alendowo mbatata, n'kuwafunsa mafunso mpaka galimoto yawo inaliza hutala. Chaka chotsatira ku Manjawira kunabadwa timu, a Kachewere anapita atakwera pamwamba pa matumba mu lole ya mbatata, zikuku atamangirira kumbuyo, nakapambana. Kenaka anabwera ndi chikho kuchokera ku boma, pa tsiku lokumbukira anthu aulumali. Chikhocho chili kwa Janeti, amasungiramo mabatani. A mumzinda aja atabweranso, khala linatheranso pakhoma, koma ulendo uno kumbali yathu.

Pamsika zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Eni magolosale anayamba kuika matabwa pamakomo kuti osewera azilowa okha, poti aliyense ankafuna kuti anthu adziwe kuti Cedric amagula shuga kwa iye. Lamulungu lina mayi wina wa kutsidya kwa msewu anabwera atabereka mtsikana wamkulu ndithu, amene anansi ake omwe sankadziwa kuti alipo. Anamukhazika kutsogolo. Mtsikanayo lero amasewera.

Koma panali timu imodzi imene a Kachewere anali asanaigonjetsepo, ndipo anaiyambitsa ndi a Lufina omwe. Anatsikira ku Sharpevale kukaphunzitsa alimi a mpunga a kuchigwa, atanyamula zikuku ziwiri zakale. Anakapeza a Obed, mlimi wa mwendo umodzi, wamawu ngati ng'oma, wosatha nthabwala. Anthu a kuchigwa ali ndi bwalo la simenti loyanikira mpunga, ndipo dziko lawo lonse ndi lathyathyathya. Ankayeserera tsiku lililonse dzuwa likapendeka. Timu yawo anaitcha Mpunga. Pasanathe chaka anayamba kuwadya aphunzitsi awo, kwawo ndi kwathu komwe.

A Obed akapambana ankapereka kathumba ka mpunga kwa a Lufina pamaso pa anthu.

"Aphunzitsi, landirani. Muzidyako zopepuka. Mbatatayi ikukulemeretsani."

A Lufina ankalandira, ankathokoza, ankakaphika. Ankati mpunga ulibe mlandu. Koma mano ankakukuta.

Kenaka phewa lamanja linayamba kuvuta. Poyamba ankabisa. Ine ndinaona chifukwa ndowa anayamba kuikweza ndi dzanja lamanzere. Tisunge anawakokera kuchipatala, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti phewalo ndi miyendo yawo, likatha ndiye kuti ngakhale pamsika sadzafikanso. Mayi ndi mwana anakangana mlungu wathunthu. Potsiriza anapangana. A Mpunga amayenera kubwera ku Lizulu nyengo yachisanu. A Lufina adzasewera tsiku limenelo, likatha basi.

"Ndisiya," anandiuza. "Koma ndisiye nditamudya Obed. Ndikasiya ndisanamudye, kathumba kaja kazindibwerera kutulo mpaka kumanda."

Kutatsala milungu yochepa, Allan anakwera basi ya ku Joni kukafuna ntchito. Timu inatsala ndi anthu anayi odziwa mpira, poti mtsikana wa kutsidya uja anali asanalimbe manja. Malamulo amalola kuti munthu wa miyendo yabwino asewere nawo, bola akhale pa chikuku ndi kumumanga miyendo ndi lamba. Anyamata a kabaza angapo anayesa. Tsiku limodzi lokha, matuza m'manja, sanabwerenso. Anatsala mmodzi, Chrispine, wonyamula matumba kukweza m'malole. Manja ake ndi ouma ngati chikopa, ndipo chikuku anachizolowera msanga. Cedric anati munthu uyu ndi thalakitala.

Vuto linali limodzi. Chrispine ndi mwamuna wa Tisunge.

Kumudzi kwa a Lufina mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Sadyera pamodzi, sagwirana, satchulana maina. Chrispine anamanga nyumba pabwalo la a Lufina pomwe, koma akakumana nawo panjira ankalowa m'chimanga n'kunjuta, moni n'kumaperekera m'menemo. Nkhani zawo zinkadutsa mwa Tisunge, ngakhale onse atatu ali pakhonde limodzi. Ena a masiku ano anazisiya zimenezi. Chrispine analeredwa ndi amalume ake okhwima, ndipo a Lufina nawonso ankazisunga bwino lomwe. Mkamwini akamadutsa ankakokera mpango kumaso.

Tsono malo a Allan anali pakati, pafupi ndi a Lufina amene ankasewera kumapeto chakumanzere. Mpira wopita kwa a Lufina umayenera kudutsa mwa Chrispine.

Ndinaona zoseketsa zambiri pa shedi ija, koma izi zinaposa. Chrispine akafuna kupereka mpira kwa Cedric ankauponya ngati mwala wa legeni. Ikafika nthawi yopereka kwa apongozi, ankachepetsa liwiro, n'kuyandikira chammbali, mutu pansi, mpira ataugwira ndi manja awiri monga mwana wopereka madzi kwa alendo. A Lufina nawo nkhope atatembenuzira kukhoma, dzanja likufufuza m'malere. Mpira unkagwera pakati pawo. Akawagawa kuti ayeserere mbali zosiyana, a Lufina akamabwera ndi mpira, Chrispine ankakokera chikuku pambali.

"Dutsani, amayi."

"Zula kansaluko, Chrispine!" ankakuwa a Maynard. "Kali paphewa pomwepo!"

"Phewa lake la ndani, a Maynard? Mukufuna ndikagone kuti lero?"

Janeti anayesa nzeru yakuti Chrispine aziona ngati akuponyera khoma. Anaponyadi kukhoma. Anayesa kuwasinthanitsa malo, koma pabwalo la anthu asanu palibe pobisalirana.

Njira yomasulirana ilipo, ndipo aliyense ankaidziwa. Apongozi amapha nkhuku, amaitana ankhoswe, n'kudyera mbale imodzi ndi mkamwini. Kuyambira pamenepo amakhala ngati mayi ndi mwana. Woyambitsa amayenera kukhala apongozi. Tisunge anali atawapempha kangapo, iwo n'kumangoti nkhuku zikadali zazing'ono. Nkhuku za a Lufina ndimazidziwa. Zina zinali zitakalamba.

Loweruka lina pamsika patachita zii ndinawafunsa.

"Amake Tisunge, nkhuku zija sizinakulebe?"

Anasanja mbatata m'ndowa kwa kanthawi, zazikulu pamwamba.

"A Eliya, anthu onsewa amandipatukira chifukwa cha miyendo. Mwana uja yekha amandipatukira chifukwa ndine apongozi ake. Akalowa m'chimanga muja, amalowa monga amachitira mkamwini aliyense kwa apongozi aliwonse. Sayang'ana njingayi. Ndiye mukuti ndichitaye chimenecho chifukwa cha mpira?"

Ndinabwerera ku chubu changa.

Tsiku la masewera kunacha ndi nkhungu, mphepo yake yolowa m'mafupa. Pofika masana shedi inali itadzaza. Amayi a Mvano anabwera osavula yunifolomu. A kutsidya kwa msewu anawoloka ndi mipando yawo. Ena anakwera pa matumba a fetereza amene anaunjikidwa kukona. Woimbira anali mphunzitsi wina wa kusekondale, wezulo ili pakhosi. A Mpunga anatsika mu lole atavala majuzi awiriawiri, akunjenjemera.

"Aphunzitsi!" a Obed anakuwira a Lufina akadali pakhomo. "Dziko lanuli munalilakwira chiyani kuti lizizizira chonchi? Kathumba kanu ndabweretsa, kali m'galimoto."

"Kasiyeni momwemo, kabwerera nanu," anayankha a Lufina.

Wezulo inalira. Zikuku zinaombana, phokoso lake ngati ku shopu ya a Maynard. Poyamba zinkaoneka bwino. Chrispine anatenga mpira, anaboola pakati pa anthu awiri ngati akutsegula chitseko. Kumanzere a Lufina anali okhaokha, mzere uli poyera kutsogolo kwawo. Shedi yonse inaimirira. Chrispine anachepetsa liwiro, anaweramitsa mutu, anatambasula manja awiri. A Obed anafika mosafulumira n'komwe, nazula kansalu paphewa pake.

"Zikomo mkamwini. Ulemu wanuwo ndaulandira ine."

Anthu anaseka, ngakhale a kwathu omwe. Nkhani inali itafika kale kuchigwa kudzera mwa amayi ogulitsa mpunga. A Obed anaika anthu awiri pa Cedric, mmodzi pa Janeti, a Lufina n'kuwasiya okha ngati mlendo wodikira basi. Zinachitikanso kachiwiri. Kachitatu Chrispine anayesa kuponya maso ali kumbali, mpira unakagwera m'manja mwa mnyamata wa Mpunga amene anathamanga nawo mpaka kumzere. Pofika nthawi yopuma, khoma linkaonetsa kuti a Mpunga ali patsogolo ndithu. Chigoli chathu chinali chimodzi, cha Janeti.

A Lufina anabwera pakona panga kuti ndiwonjezere mpweya. Tayala linali lolimba bwinobwino. Ndinapopabe.

"A Eliya, mwaona chiyani?"

"Zomwe aona a Obed."

Anasisita phewa. Patsidya Chrispine anali atatipatsa msana, mutu uli m'manja, Tisunge akumupatsa madzi. A Lufina anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kumuyang'anitsitsa.

"Tisunge! Thamangira pachiwaya. Tchipisi mbale imodzi, ndi ntchafu ya nkhuku."

"Amayi, njala pakati pa mpira?"

"Thamanga, iwe!"

Anabwera akupuma wefuwefu, kambale kapulasitiki kali m'manja. "Ntchafu zatha. Kwatsala khosi."

"Khosi ndi nkhuku yomwe. Bwera nalo." Anavula mpango umene unkatsikira kumaso, naumanga bwino kumbuyo. Kenaka anakweza mawu. "Bambo a kwa Tisunge, tayandikirani kuno."

Chrispine anayang'ana mkazi wake. Tisunge anamukodola. Anabwera chammbali, monga mwa nthawi zonse, naima patali.

"Fikani pafupi. Tembenuzani chikukucho. Ndiyang'aneni."

"Amayi, pagulu pano?"

"Pagulu pomwe pano. A Eliya ndi mboni. Ankhoswe tikawauza mawa, akafuna kukwiya akwiye."

Anthu oyandikira anayamba kukhala chete, ndipo bata linafalikira mpaka kwa okhala pa matumba. A Lufina anathyola khosi lija pakati, mbali ina anampatsa Chrispine m'manja. Anatapa tchipisi, namukankhira mbale. Chrispine anatenga kamodzi kokha, ndi dzanja lomwe limakweza thumba la mbatata ngati pilo.

"Idyani. Kuyambira lero ndinu mwana wanga. Chrispine." Dzinalo analitchula pang'onopang'ono, ngati akulilawa. "Ndipo mwana wanga sandipatsa mpira ngati chopereka cha kutchalitchi. Amaponya. Mwamva?"

"Ndamva, amayi."

"Mukuuza simenti kapena ine?"

Anadzutsa mutu. Mayi wina wa Mvano analiza nthungululu, anzake anapokerera.

"Kodi kumeneko kuli ukwati?" anakuwa a Obed ali kumbali kwawo. "Tiitaneniko, ifenso tili ndi njala!"

"Mudya pompano," anatero a Lufina akupukuta mafuta pa chitenje.

Gawo lachiwiri litangoyamba, Chrispine analandira mpira, anatembenuka, naponya ndi mphamvu zonse zimene anakhala akusunga. Mpira unawapeza a Lufina pachipumi. Mpango unauluka. Chrispine anayamba kumasula lamba wa m'miyendo kuti atsike agwade.

"Khalani pomwepo!" anakuwa a Lufina, diso limodzi atatsinzina. "Dzanja lilipo. Mungotsitsako pang'ono, nkhope ndikuifunabe."

Wachiwiri unafika m'manja. A Lufina anapalasa nawo mpaka pafupi ndi mzere asanawagwire. Apa a Obed anaona kuti kumanzere kwatseguka, anachotsa munthu mmodzi pa Cedric. Cedric akapatsidwa mpata ngati wa khomo la khola la nkhuku amadutsa. Anagoletsa. A Maynard anamenya chibakera, mpira unadutsa pamwamba pa mtanda n'kukagunda malata. Cedric anagoletsanso. A Mpunga anabweza chimodzi, a Obed akuimba nyimbo yokolola. Chrispine naye anakankha anthu awiri mpaka kuseri kwa mzere, iwo akufunafuna kansalu pa mapewa ake otambalala. Wolemba pakhoma anafufuta ndi chigongono, analembanso. A Mpunga anali akadali patsogolo, koma pang'ono moti chigoli chimodzi chikanatembenuza zonse.

Mphunzitsi uja anayamba kuyang'ana pa wotchi. A Lufina anali atatopa. Ndinkaona mmene dzanja lamanja linkachedwera pa tayala, chikuku n'kumakhotera mbali imodzi ngati zoyamba zija za a Maynard. Tisunge anali ataima pafupi nane, akuluma chala.

Janeti anapereka kwa Cedric, Cedric kwa Chrispine. Chrispine analunjika pakati, anthu atatu a Mpunga anamuunjikira. Dzanja lina linali litafika kale paphewa pake. Ndipo munthu amene chikwatire mawu ake anali asanamvekepo bwino pamaso pa apongozi anakuwa mpaka ku Mozambique anamva.

"Amayi, gwirani!"

Anagwira. Anauika pamiyendo, napalasa. Kutsogolo kunatsala a Obed okha, akubwera chopingasa ndi liwiro lawo lonse. Sanachepetse. Sanapatuke. Anawaomba a Lufina m'mbali moti tayala limodzi linanyamuka, dzanja lawo likulalira kansalu. A Lufina anapendeketsa phewa, zala za a Obed zinagwira mphepo. Chikuku chinayenda ndi tayala limodzi, chikugwa, chikugwa, ndipo pamene chinkafika pansi mpira unali utagunda kale simenti kuseri kwa mzere.

Wezulo sindinaimve. Amuna a pa matumba aja anatsika n'kuyamba kuponda gule wa ngoma pa simenti, fumbi la fetereza lili kobo. A Maynard anamenya chibakera chawo, mpira unapita kumbali kwenikweni, palibe anasamala. A Lufina anali chagada monga tsiku loyamba lija, akuseka. Anthu anathamangira kukawadzutsa, iwo anawabweza ndi dzanja.

"Chrispine, mwana wanga, tandidzutsani."

Anamasula lamba, anatsika, nawanyamula pamodzi ndi chikuku chomwe.

A Obed anafika akupukuta thukuta. "Aphunzitsi, mwandibera. Munthu sasintha mwambo pakati pa masewera. Ndikadandaula kwa woimbira."

"Kadandauleni. Koma a Obed, mwandigunda bwino. Zikomo."

"Ndimafuna ndikuponyereni kutsidya kwa msewu."

"Ndaona. N'chifukwa chake ndikuthokoza." Anakodola Tisunge, amene anabwera ndi ndowa ya mbatata yosankhidwa, zikuluzikulu zokhazokha. Inali itabisidwa kuseri kwa chitseko kuyambira m'mawa, ndipo sindikudziwa kuti akanagonja akanaitani. "Landirani. Muzidyako zolemera. Mphepo ya kuno ingakuulutseni."

Kathumba ka mpunga a Obed anakasiyabe. Anati kubwerera nako n'kochititsa manyazi kuposa kugonja.

Ankhoswe anakwiyadi. Anati mwambo suchitikira pa kambale kapulasitiki, ndipo khosi logula si nkhuku. A Lufina anapha tambala wamkulu Loweruka lotsatira, ankhoswe anadya, mkwiyo unatha.

Pangano lawo ndi Tisunge analisunga. Tinsalu tawo anapatsa mtsikana wa kutsidya uja, iwo anagula wezulo. Lamulungu lililonse amakhala pambali pa bwalo, pafupi ndi pampu yanga, akukalipira aliyense. A Mpunga anabwezera chaka chotsatira kwawo kuchigwa, ife tinabwezeranso kwathu, ndipo zikuyenda choncho.

Lolemba la pambuyo pa masewera aja, Tisunge akuti Chrispine anakumana ndi a Lufina panjira ya kumsika. Miyendo inachita zimene inazolowera, anapezeka ali m'mapesi atanjuta. A Lufina anaimitsa njinga.

"Tulukanimo m'menemo, mungalumidwe ndi njoka. Bwerani mundikankhe pachitundapa, phewa likuwawa."

Ine ndinawaona akutulukira pamwamba pa chitunda, Chrispine ali kumbuyo akukankha, ndowa zili mbali ndi mbali. Ankakangana za chigoli chachiwiri cha a Mpunga, kuti analakwitsa ndani. Chrispine ankati ndi amayi, anachedwa kubwerera. Atafika pamtengo wanga a Lufina anapukusa mutu.

"A Eliya, munthu uyu ndi wolongolola chonchi? Bwenzi nditamusiya m'chimanga momwemo."

"Tayala lakumbuyo lachepa mpweya," ndinatero.

Chrispine anatenga pampu n'kuyamba kupopa, akupitiriza nkhani yake.